ZA GALIMOTO: Batire loima limafa ndi njala

Mvula ikakhazikika mu Disembala, magalimoto ambiri a m'chigawo chino cha Tete amalowa m'tchuthi chosafuna. Lole imene inkatuta mbatatesi ndi chimanga ku Angónia ndi ku Tsangano imaimikidwa kuseri kwa nyumba kaamba koti misewu ya kumidzi yasanduka phala, ndipo mwini wake sadzaiganiziranso mpaka mu Epulo, nthawi ya zokolola. Palinso gulu lina, la anthu ogwira ntchito ku Joni, ku Beira kapena ku Maputo, amene amabwera kudzadya Natale ndi abale awo n'kubwerera mu Januwale atasiya galimoto pansi pa mtengo wa mango, makiyi ali m'manja mwa amalume. Onsewa amakumana ndi nkhani imodzi. Tsiku la ulendo likafika munthu atembenuza kiyi, sitata ingoti kete, kete, kenaka zii. Pamenepo ayamba kutukwana wogulitsa batire kuti anamugwiritsa fuwa lamoto.

Kawirikawiri wogulitsayo amakhala wosalakwa. Batire lija silinafe ndi ntchito ayi, linafa ndi njala. Linasiyidwa miyezi inayi, mwina khumi, popanda wolipatsa moto.

Kuti nkhaniyi imveke bwino m'pofunika kusuzumira kaye m'kati mwa bokosi lakudalo. Batire la mtundu umenewu ndi lakalekale. Analitulukira Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859, ndipo ngakhale maonekedwe ake asintha, kagwiridwe kake ka ntchito n'komweko. Lili ndi zipinda 6, chipinda chilichonse chimapereka mavolti 2.1, ndiye zonse pamodzi zimakwana 12.6. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Batire likamatulutsa moto, asidi uja amachoka m'madzimo n'kukakhala pa mapuleti ngati ufa woyera, umene amekaniko amautcha salufeti. Likatchajidwa msanga ufawo umasungunuka, asidi n'kubwerera m'madzi, batire n'kukhalanso lamphamvu. Koma likagona masabata ambiri lili lopanda moto, ufa uja umauma gwa, ndipo palibe tchaja imene ingauchotse wonse. Mayi aliyense amazidziwa zimenezi pa mphika wa nsima. Nkhoko za lero zimachoka ndi madzi okha, za sabata yatha zimafuna mchenga ndi thukuta. Kusiyana kwake n'kwakuti m'batire simulowa dzanja lokwecha.

Tsono moto wa batire loima umabedwa ndi mbala ziwiri. Yoyamba imakhala m'kati momwemo. Ngakhale batire litachotsedwa m'galimoto n'kuikidwa pakona popanda waya aliyense, limadzidya lokha pang'onopang'ono, magawo 3 mpaka 5 pa magawo 100 alionse mwezi uliwonse ngati kukutentha madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kudzidya kuja kumawirikiza pafupifupi kawiri. Apa m'pamene a mumzinda wa Tete, a ku Moatize ndi a m'chigwa chonse cha Zambezi amapwetekera. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kanyumba ka malata kapena pansi pa boneti ya galimoto yokhala padzuwa kumaposa pamenepo. Batire limene ku Ulóngwe, pamtunda wa mamita opitirira 1,000, lingapirire miyezi itatu, ku Matundo likhoza kufooka nthawiyo isanafike ndi theka lomwe. Ambiri amaganiza kuti mdani wa batire ndi chisanu, popeza m'mawa wa mu Juni m'pamene galimoto imakana kulira. Chisanu chimangoulula matenda, koma amene anawabweretsa ndi kutentha kwa miyezi ya m'mbuyo.

Mbala yachiwiri ndi galimoto yomweyo. Kiyi ikachotsedwa sikuti zonse zagona. Wotchi ikuyendabe, wailesi ikusunga masiteshoni ake, alamu ili tcheru, kompyuta ya injini nayo ikunyambita, ndipo magalimoto ena ali ndi kachipangizo kouza mwini wake kumene galimoto ili. Zonsezi pamodzi zimakoka mamiliampeya 20 mpaka 50 usiku ndi usana. Kachiwerengero kameneka kamaoneka kachabechabe mpaka munthu atakawerengetsa. Pa mamiliampeya 50, tsiku limodzi limadya 1.2 Ah, masiku 30 amadya 36 Ah. Batire la galimoto yaing'ono nthawi zambiri limalembedwa 45 Ah kapena 60 Ah pambali pake. Ndiye kuti mwezi umodzi wokha batire la 60 Ah lataya kuposa theka la moto wake, ndipo mwezi wachiwiri usanathe lagona chagada. Ngati wina anamangirira wailesi yaikulu kapena nyali zowonjezera molunjika ku batire, monga achitira anyamata a chapa, masiku amenewa amachepanso.

Mankhwala odziwika m'midzi ndi akuti mwana kapena mlamu azililiza injini kamodzi pa sabata kwa mphindi zisanu. Zimenezi zimasangalatsa mtima chabe. Sitata imakoka maampeya mazanamazana nthawi imodzi, ndipo injini yongolira galimoto itaima siizunguza alitaneta mokwanira. Mphindi zisanuzo zimangobweza zimene sitata yatenga, ngongole ya sabata yonse n'kukhalabe. Ndiponso injini yozimitsidwa isanatenthe bwino imasiya chinyontho mu oilo ndi mu paipi ya utsi. Ngati alipo wa laisensi woti aiyendetse galimotoyo pamsewu kwa theka la ola kapena kuposerapo masabata awiri alionse, pamenepo zilipo. Ngati palibe, kuli bwino kuisiya osailiza n'komwe, n'kusamala batire palokha. Ndipo wina asayerekeze kuliza injini m'galaja yotseka zitseko, utsi wake umapha munthu asanazindikire kuti wayamba kufooka.

Kusunga kwenikweni kumayamba galimoto isanaimikidwe. Batire lilowe m'tchuthi lili lokhuta. Cholakwa chachikulu n'choti anthu amaimika galimoto pambuyo pa masabata a timaulendo tatifupitifupi ta pa Natale, nyali ndi wailesi zili choyaka, batire lili kale pa theka. Loterolo limayamba kuuma salufeti sabata yoyamba yomwe. Maso sangadziwe ngati batire lakhuta, pakuti lakufa ndi lamoyo kunja amaoneka chimodzimodzi. Pamafunika kamakina koyezera magetsi, kotchedwa multimeter, kamene mekaniko aliyense ali nako ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa batire latsopano. Batire liyezedwe litapuma usiku wonse, osati litangochoka pa tchaja kapena paulendo, chifukwa nthawi imeneyo limanamiza. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 lakhuta. Pa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2 lili pa theka, pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Wina anganene kuti batire la mavolti 12 likaonetsa 12.0 ndiye kuti lili bwino. Ayi ndithu, pamenepo lili kale m'chipatala. Malire oyenera kuwakumbukira ndi 12.4. Batire losungidwa lisaloledwe kutsika kupitirira apo.

Likakhuta, lichotsedwe ku galimoto. Pa mwezi umodzi kapena iwiri n'kokwanira kumasula waya wa kumutu wa chizindikiro cha – n'kumukhotetsera kumbali kuti asagundenso mutuwo. Pa nthawi yaitali, kapena kumene akuba amayendera usiku, litulutsidwe lonse. Pomasula ayambe ndi waya wa –, pomanga amalize ndi yemweyo. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Thupi lonse la galimoto ndi lolumikizidwa ku mutu wa –, choncho sipanala ikakhala pa mutu wa + n'kugunda chitsulo cha galimoto waya wa – akadali pamalo pake, moto umathetheka woti n'kusungunula sipanalayo kapena kuotcha chala chovala mphete. A magalimoto atsopano afufuze kaye nambala yachinsinsi ya wailesi asanamasule waya, chifukwa mawailesi ena akadulidwa moto amadzitseka mpaka nambalayo italowetsedwa.

Pamwamba pa batire pazikhala poyera ndi pouma. Fumbi lonyowa ndi asidi limasanduka kanjira kamene moto umadutsamo kuchoka kumutu wina kupita ku unzake. Ufa woyera kapena wobiriwira womera pa mitu umachoka ndi soda wophikira therere yemweyu, supuni imodzi m'kapu ya madzi, kutsuka ndi kamswachi kakale, zivundikiro zili zotseka kuti sodayo asalowe m'zipinda. Pakauma, mitu ipakidwe Vaseline kapena girizi pang'ono.

Batire la zivundikiro liyang'anidwenso madzi. Mapuleti asaonekere pamtunda, pakuti mbali imene yauma imawonongekeratu. Othiramo ndi madzi a batire okha, amene pa bomba ndi m'masitolo amalembedwa kuti água destilada. Madzi a pamjigo kapena a pachitsime ali ndi mchere ndi chitsulo zimene zimafulumiza kudzidya kuja. Munthu akasowa pogwira, madzi a mvula otolera mwachindunji m'beseni loyera la pulasitiki ndi abwinoko, koma osati otsika padenga la malata. Asidi sawonjezera. Chimene chimauluka ndi kutentha ndi madzi, asidi amatsalira momwemo, ndipo kuthiramo wina ndi kudyetsa mapuleti. Ngati mapuleti ali pamtunda, athire madzi ongokwanira kuwamiza, atchaje, kenaka n'kudzaza mpaka pa mzere, chifukwa madzi amakwera batire likamatchajidwa. Mabatire omata, opanda zivundikiro, safuna zonsezi ndipo asatsegulidwe.

Malo osungira akhale ozizira, ouma, opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi ana. Pali chikhulupiriro choti simenti imayamwa moto wa batire. Chinali ndi maziko ake kale, pamene mabokosi a mabatire ankapangidwa ndi matabwa ndipo pambuyo pake ndi mphira wolimba, zinthu zimene zinkalola chinyontho. Mabokosi a pulasitiki alibe vuto limenelo, ndipo m'chigwa cha Zambezi simenti yozizira ya m'chipinda cha mthunzi ndi malo abwino kuposa pa alumali ya pafupi ndi malata. Kathabwa pansi n'kothandizabe, koma ntchito yake n'kuteteza simenti ku asidi ndi batire ku madzi a mvula olowa pakhomo.

Chotsala ndi chimene ambiri amalephera, kulidyetsa. Kumalo otentha batire losungidwa liyezedwe ndi kutchajidwa mwezi uliwonse, kumapiri a Angónia ndi Macanga likhoza kudikira miyezi iwiri. Kumene kuli magetsi a EDM nkhani ndi yophweka. Masiku ano kuli timatchaja tanzeru timene timadzaza batire, kenaka n'kumangolisunga pa mavolti 13 ndi pang'ono, ndipo tingasiyidwe chilumikizire miyezi yonse. Tchaja yakale ija yolemera, yong'ung'udza, siidziwa kuleka. Ikaiwalika masiku awiri imawiritsa batire mpaka madzi kuphwa. Ndi yoteroyo lamulo ndi gawo limodzi mwa magawo 10: batire la 60 Ah lipatsidwe maampeya 6, osapitirira, ndipo lichotsedwe likakhuta. Bokosi likatentha moti dzanja likumva, tchaja izimitsidwe.

Komatu ngakhale chigawo chino chili ndi damu la Cahora Bassa lotha kupanga mamegawati 2,075, mawaya sanafike m'mudzi uliwonse. Kumeneko kasola kakang'ono ka mawati 5 kapena 10 kamakwanira kusunga batire lomasulidwa, ngakhale m'miyezi ya mitambo. Sola yaikulu ya panyumba isalumikizidwe molunjika popanda kabokosi kowongolera moto, chifukwa dzuwa la masana limatha kuumitsa batire m'masabata ochepa. Njira ina ndi kulinyamula pa njinga kupita nalo kwa otchaja mabatire pamsika. Wopita kumeneko alembe chizindikiro chake pa bokosi ndi penti kapena msomali, popeza mabatire amafanana ngati nkhuku zoyera, ndipo asalole zoti alitchaje mwachangu kuti abwerere nalo ola lomwelo. Batire la theka limafuna maola 6 kapena 8, lotheratu limafuna usiku wonse ndi kupitirira.

Potchaja batire limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene suoneka ndipo sununkha, koma ukangokwana magawo 4 pa 100 a mpweya wa m'chipinda umaphulika ndi kamoto kochepa. Fodya, kandulo, koloboyi ndi machesi zikhale kutali. Munthu asasuzumire m'zipinda za batire ndi machesi kuti aone madzi, ayatse tochi. Tchaja izimitsidwe kaye mawaya ake asanachotsedwe pa mitu. Asidi akagwera m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, kenaka kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Pali mbala yachitatu imene mabuku a azungu saitchula, ndiyo chikondi cha pa abale. Batire likatulutsidwa m'galimoto n'kulowa m'nyumba yopanda magetsi, aliyense amaliona ngati mphatso. Lero atchajirapo foni, mawa nyali, Loweruka kuli mpira ndiye kanema ayake. Palibe amene akufuna kuwononga, ndipo n'kovuta kukaniza apongozi kumvera uthenga wa maliro pa wailesi. Koma chiwerengero sichidziwa chibale. Kanema wa mawati 40 amakoka maampeya opitirira 3, ndiye maola 4 usiku umodzi amadya pafupifupi 13 Ah. Mausiku atatu, batire la 60 Ah lataya magawo awiri mwa atatu. Batire la galimoto lili ndi mapuleti opyapyala ambirimbiri, opangidwira kupereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso pomwepo. Kulitsitsa mpaka pansi mobwerezabwereza kumayoyola mapuletiwo, ndipo zinyenyeswa zake zimaunjikana pansi mpaka kupha chipinda. La sola lili ndi mapuleti okhuthala ndipo ntchito imeneyi ndi yake. Choncho wopita kutali alankhule momveka asananyamuke, ndi ulemu wonse: "Amalume, batire ili si la wailesi ayi. Mwezi ukatha mulitumize kukatchajitsa, ndalama yake ndi iyi." Ndipo ngati angathe, asiyire banjalo kasola ndi batire lakelake la nyali ndi mafoni. Zimenezo n'zotsika mtengo kuposa kugula batire la galimoto chaka ndi chaka, ndiponso zimapewetsa kukwiyirana pa Natale.

A malole ndi mathirakitala a mavolti 24 ali ndi mabatire awiri olumikizana. Awiriwo asungidwe ndi kutchajidwa mofanana. Chizolowezi chotenga moto wa wailesi pa batire limodzi chimachititsa kuti lina lizikhala ndi njala pamene linzake likukhuta mopitirira, mapeto ake onse awiri amafa msanga.

Ena amalangiza kuti asidi akhuthulidwe, batire lisungidwe louma. Malangizowa amachokera pa mabatire atsopano amene amagulitsidwa ouma, asidi ali m'botolo lapadera. Amenewo anaumitsidwa kufakitale n'kumatidwa, ndipo amakhaladi nthawi yaitali. Batire limene linathiridwapo kale asidi likakhuthulidwa, mpweya umadya mapuleti ake, silidzabwereranso. Za kuponyamo aspirin kapena kuthiramo zakumwa zozizilitsa kukhosi, imeneyo ndi nthano ya pa bawo.

Tsiku lobwezera batire likafika, litchajidwe dzulo lake, mitu ikwechedwe mpaka kuwala, limangidwe zolimba pampando wake chifukwa mabampu a misewu ya fumbi amagwedeza mapuleti, kenaka waya wa + ayambe, wa – amalize. N'kwanzeru kuyang'ananso pansi pa boneti, pakuti makoswe amakonda kumanga zisa m'galimoto yoima ndipo amatafuna mawaya. Injini ikalira, multimeter ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.4 pa mitu ya batire. Ikaonetsa 12 ndi pang'ono ndiye kuti alitaneta sikudyetsa, ndipo kugula batire latsopano kungokhala kutaya mametikali.

Nanga lomwe lapezeka litagona kale? Lipatsidwe mwayi umodzi pa tchaja yapang'onopang'ono tsiku lathunthu, lipume usiku, liyezedwe. Likabwerera pa 12.5 kapena 12.6 n'kukhalapo, lapulumuka, ngakhale mphamvu yake siidzafikanso pakale. Likatsika lokha mpaka 10.5, chipinda chimodzi chafa. Lotupa m'mbali, long'aluka kapena lonunkha ngati dzira lovunda lisayesedwenso n'komwe. Pogula lina munthu apemphe kuti aliyeze pamaso pake, chifukwa batire lokhalitsa m'sitolo yotentha nalonso limadwala matenda omwewa lisanalowe m'galimoto.

Batire lakufa lisasiyidwe pabwalo kuti ana azikhalira, ndipo lisaswedwe pakhomo. Asodzi amafuna mtovu wake kuti apange zolemetsa maukonde, ena amausungunula pa mbaula kuti akagulitse. Utsi ndi fumbi la mtovu zimalowa m'magazi, zimawononga ubongo wa mwana, ndipo zimakhala m'dothi zaka zambiri. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar m'dziko la Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu ankaswa mabatire akale ndi kusefa dothi lake m'makomo pofuna mtovu. Ogulitsa mabatire ndi ogula zitsulo zakale amalandira batire lakufa lili lathunthu, ena amachotsako pa mtengo wa latsopano. Polinyamula likhale choimirira, zivundikiro zili zotseka, kutali ndi thumba la ufa.